Lachitatu: tsiku la square root ndi zilembo

Lero ndinali ndi mapiriyodi otsatizana m'kalasi yanga ya algebra, ndipo onse anathera pa mutu umodzi, kuphweketsa square root yomwe mkati mwake muli zilembo. Sabata yatha tinachita za manambala okhaokha ndipo ambiri anagwira. Akudziwa kuti 72 ndi 36 × 2, kuti 36 amatuluka ngati 6, yankho la √72 n'kukhala 6√2. Alipo ena omwe amayamba ndi 9 × 8, n'kupeza 3√8, n'kuika cholembera pansi. Amenewo sandidetsa nkhawa. Ukangowafunsa ngati 8 uja wathekadi, amaona okha kuti muli 4 wobisala.

Ndinayamba ndi kulemba √(x¹⁶) pa bolodi, osanena kanthu. Manja anakwera msangamsanga, ndipo yankho lomwe linamveka mbali zonse linali x⁴. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Diso laona 16, mutu wakumbukira kuti square root ya 16 ndi 4, dzanja lalemba. Sindinawatsutse. Ndinangoti aike 2 m'malo mwa x, ayese pa kakyuleta. 2¹⁶ ndi 65536, square root yake ndi 256. Nanga 2⁴? Ndi 16 basi. Kalasi inakhala chete kwa kanthawi, kenako mnyamata wina wa kumbuyo anati 256 ndi 2⁸. Ndi pomwe tinayambira: funso la square root ndi lakuti ndi chiyani chomwe ukachichulukitsa ndi icho chomwe chimakupatsa zomwe zili mkatimo. x⁸ × x⁸ ndi x¹⁶, popeza pochulukitsa timaphatikiza ma power, timanambala ta pamwamba pa chilembo tija. Ndiye power imagawidwa ndi 2.

Ma power osagawika ndi 2 sanatitengere nthawi. Ndinawauza kuti aganize za gule wovina awiriawiri, amene wapeza mnzake amatuluka, wotsala yekha amakhala mkati. Mu x⁵ muli x² × x² × x, choncho kunja kumabwera x², mkati n'kutsala x mmodzi. Tinaphatikiza ndi 72 uja, √(72x⁵) n'kukhala 6x²√(2x). Izi anazikonda, ndipo masamu angapo otsatira anangowasesa.

Apa ndinaima pang'ono pa nkhani ya kalembedwe, chifukwa m'makope ambiri kamzere ka pamwamba pa chizindikiro cha √ kamathera pa 2, x n'kutsala panja ngati alibe mwini. √2 wochulukitsidwa ndi x ndi chinthu china, √(2x) ndi chinanso. Ndinawauza kuti chizindikiro cha √ chinayamba kuoneka m'buku losindikizidwa la Christoph Rudolff mu 1525, chilibe kamzere kapamwamba, ndipo René Descartes ndi amene anachilumikiza ndi kamzereko mu 1637. Ntchito ya kamzereko ndi kuonetsa pomwe za mkati zathera. Wina anaseka n'kuti ndiye kuti ena mwa iwo akadali mu 1525. Ndinamusiya, popeza wamva.

Gawo lomwe ndinadzera lero linabwera pambuyo pake. Ndinalemba √(x²) n'kufunsa yankho. Onse pamodzi anati x. Ndinati chabwino, tiyese x akhale 5. 25, square root yake 5, zagwirizana. Ndinati tsopano x akhale −3. Anachulukitsa −3 ndi −3 n'kupeza 9, square root ya 9 n'kupeza 3. Ndinafunsa kuti x wathu anali chiyani. Anati −3. Nanga tapeza chiyani? 3.

Mtsikana wina wa kutsogolo, yemwe salola chinthu kudutsa asanachimvetse, anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, koma munatiuza kuti square root ya 9 ndi 3 kapena −3. Ndiye −3 alipo ndithu."

Funso limeneli ndimalikonda chifukwa limachokera kwa munthu amene akukumbukira zomwe anaphunzira. Ndinamuyankha kuti pali zinthu ziwiri zomwe wazimanga mtolo umodzi. Ukapatsidwa x² = 9 kuti upeze x, mayankho alipodi awiri, 3 ndi −3. Koma chizindikiro cha √ chinapatsidwa ntchito imodzi, kutchula yankho lomwe si la negative. N'chifukwa chake polemba mayankho awiri aja timalemba ±√9. Chikanakhala kuti √ amapereka kale onse awiri, ± uja tikanamulemberanji? Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osakhutira kwenikweni, koma analemba.

Ndiye √(x²) ndi |x|, timizere tiwiri toimirirato tikutanthauza kukula kwa x osaona kuti ali mbali iti ya ziro. Tinayesa √(x⁶) ndi x = −2. Mkati muli 64, square root yake ndi 8, pomwe x³ ndi −8. Yankho loyenera ndi |x³|. Kenako √(x⁴), ndipo apa ena anayamba kuika timizere tiwiri tija paliponse, poti aona kuti aphunzitsi akutikonda lero. Ndinawafunsa ngati x² angakhale wa negative. Sangakhale. Ndiye timizere tikutchinga chiyani? Kulemba |x²| si kulakwa, koma kumaonetsa kuti munthu sanaganize.

Chomwe chinawazunguza kwambiri ndi √(x³). Kunja kumatuluka x, power yake ndi 1, yosagawika ndi 2, ndiye ambiri analemba |x|√x. Ndinati ayese −2. Mkati munatuluka −8, kakyuleta n'kukana. Pa manambala omwe tikugwiritsa ntchito pa msinkhu uno, square root ya nambala ya negative kulibe, choncho samuyo payokha yatiuza kale kuti x si wa negative, ndipo x√x akukwana. Koma mu √(18x³y²) nkhani ili pawiri. x ndi wotetezeka pa chifukwa chomwechi, pomwe y akhoza kukhala chilichonse popeza y² amabisa ngati y ndi wa positive kapena wa negative. Yankho ndi 3x|y|√(2x). Ochepa okha ndi omwe anaipeza paokha, ndipo sindinayembekezere zoposa pamenepo pa tsiku loyamba.

Ndikanatha kuwapatsa lamulo loloweza, lakuti power ya mkati ikakhala yogawika ndi 2 koma yotuluka kunja n'kukhala yosagawika, ika timizere. Lamuloli limathandiza pa masamu ambiri. Sindinawapatse lero. Wophunzira woloweza lamulo amaliiwala pakatha milungu ingapo, kapena amalitembenuza. Yemwe wazolowera kuika −2 m'malo mwa chilembo n'kuona ngati mbali ziwiri zikufanana ali ndi chida chomwe adzachigwiritse ntchito pa mutu uliwonse wa algebra, ngakhale aphunzitsi palibe.

Pa nthawi yopuma ndinakambirana nkhaniyi ndi mnzanga yemwe amaphunzitsanso masamu. Iye anati, "Inu mumadzivutitsa. Mabuku ambiri amalemba pamwamba pa ntchito kuti zilembo zonse zitengedwe ngati za positive. Ana aphunzire kutulutsa awiriawiri, za timizere adzazipeza kutsogolo." Mfundo yake ili ndi mutu, nthawi ndi yochepa ndipo mitu ndi yambiri. Koma kachiganizo kapamwamba kaja ophunzira sakawerenga. Chomwe chimatsala m'mutu mwawo ndi chakuti √(x²) ndi x nthawi zonse, ndipo ndi omwewo amene pambuyo pake akapatsidwa x² = 49 amalemba 7 yekha, −7 n'kumutaya. Ngati buku likufuna kuti zilembo zikhale za positive, palibe vuto, bola wophunzira adziwe chomwe chiganizocho chikumupulumutsako. Sitinagwirizane. Belu linatilekanitsa.

Madzulo ndakhala ndikuchonga makope. Pa √(50x²y⁴), oposa theka apeza 5|x|y²√2, zomwe zandisangalatsa. Ena aiwala timizere, ena aika pa y² pomwe. Koma samu yomwe ndinaika kumapeto mwadala ndi yomwe yagwetsa ambiri, √(x² + 9). Pafupifupi kope lililonse lalemba x + 3. Atatha tsiku lonse akung'amba zochulukitsa, aganiza kuti zophatikiza nazo zimang'ambika. Sizitero. x akakhala 4, mkati muli 16 + 9, yomwe ndi 25, square root yake 5, pomwe x + 3 ndi 7. Samu imeneyi siphweketseka, imakhala momwe ilili, ndipo ophunzira zimawavuta kukhulupirira kuti yankho likhoza kukhala kusiya chinthu osachigwira.

M'kope la mtsikana wa kutsogolo uja munalembedwa x + 3, kenako wafufuta, pambali n'kulemba 4, 25, 5, 7 ndi chizindikiro cha funso. Yankho sanalembe. Ndamupatsa malikisi ake onse.

Mawa ndiyamba ndi masamu awiri oyandikana pa bolodi, √(9x²) ndi √(9 + x²), aliyense asankhe nambala yake, ina ya positive ina ya negative, ayese zonse ziwiri tisanalankhule chilichonse. Kukatsala nthawi tilowa za kugawa, monga √(x⁴/25), koma ndikukayika ngati itsale.