Ng'oma zamkuwa zochunidwa ndi phazi

Malemu malume anga, amene ankaimba ng'oma za likhuba kwathu kwa Tengani, sankalola kuti gule ayambe ng'oma zisanachunidwe. Imene yafooka ankaiwamba pamoto, imene yakwera kwambiri ankaimata phula pakati pa chikopa, mpaka iliyonse itapeza mawu ake. Ndinawakumbukira mwezi watha pamene ndinaonera pa YouTube gulu lalikulu la oimba la ku Berlin, chifukwa bambo wokhala kumbuyo kwa anzake onse ankaweramira ng'oma zake, n'kumagogoda chikopa ndi chala khutu lili pafupi, monga momwe ankachitira malumewo.

Ng'omazo zimatchedwa timpani. Thupi lake ndi mphika waukulu wamkuwa wooneka ngati nkhali, wokhala ndi kabowo pansi kotulukira mpweya, ndipo pamwamba amakungapo chikopa cha thole, cha mbuzi kapena pulasitiki. Mkombero wachitsulo ndiwo umapanikiza chikopacho, ndipo woimba akaponda chopondera chimene chili m'munsi, mkomberowo umatsika, chikopa n'kukungika, mawu n'kukwera. Nthawi zambiri munthu mmodzi amaimba ng'oma zinayi, za mainchesi 32, 29, 26 ndi 23 mumlifupi.

Chiyambi chake si cha ku Ulaya. Zinachokera ku ng'oma zazing'ono za Aluya zotchedwa naqqara, zimene zinafika kumeneko m'zaka za m'ma 1200, nthawi ya nkhondo zolimbirana Yerusalemu. Zikuluzikulu zinkamangidwa ziwiriziwiri pamsana pa kavalo, n'kumaimbidwa pamodzi ndi malipenga pankhondo ndi pamiyambo ya mafumu, ndipo mu 1457 nthumwi za mfumu ya ku Hungary zinapita nazo ku France. Wolemba nyimbo wa ku France Jean-Baptiste Lully anazigwiritsa ntchito m'sewero lake loimba la Thésée mu 1675, ndipo Hector Berlioz, wa ku France komweko, mu 1837 analemba nyimbo ya maliro yofuna timpani 16 ndi oziimba 10.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'mbiri imeneyi ndi vuto la kuchuna, popeza ndi lomwelo limene malume ankalimbana nalo. Poyamba woimba ankapotokola mabawuti ozungulira mkombero limodzilimodzi, ntchito yotenga nthawi, motero olemba nyimbo ankangopatsa ng'omazi mawu awiri okha. Zinthu zinasinthiratu pamene Carl Pittrich wa ku Dresden, ku Germany, anabweretsa chopondera mu 1881, pakuti tsopano phazi limasintha mawu manja akupitiriza kuimba. Ine ndimaona kuti chitsulocho chinangofulumizitsa ntchito, koma sichinalowe m'malo mwa khutu, chifukwa woimba amayenerabe kupeza mawu atsopano mwakachetechete pamene anzake akuimba zina pambali pake.

Pakaimbidwe m'pamene timpani imasiyana ndi ng'oma zathu. Timpani saimenya pakati, popeza pamenepo imatulutsa mawu ogontha. Amaimenya chapafupi ndi m'mphepete, mtunda wonga chikhatho chimodzi kuchokera pa mkombero, ndi timitengo takumutu kofewa kapena kolimba malinga ndi mawu amene akufunika. Kulira kwake kumatenga nthawi, choncho woimba amakhudza chikopa ndi nsonga za zala kuti mawu akale asasokoneze otsatira, ndipo luso lozimitsa limeneli ndimaliona lovuta kuposa lomenya.

Magulu ambiri anasamukira ku pulasitiki chifukwa sasintha kwambiri ndi nyengo, komabe oimba a ku Vienna akugwiritsabe ntchito chikopa cha mbuzi ndipo amachuna ndi dzanja. Ndikuwamvetsa, ngakhale ndikudziwa mavuto amene amakumana nawo. Kuno kuchigwa chikopa chimakungika chokha ndi dzuwa la Okutobala, koma usiku chinyontho cha mtsinje wa Shire chikakwera chimafookanso, ndipo n'chifukwa chake malume ankasiya mwana mmodzi akusonkheza moto pambali pa bwalo mpaka gule atatha.