Kadeti, payoniya, kapirikoni

Mu minibasi yochokera ku Limbe m'mawa uno kondakitala wakangana ndi bambo wina pa nkhani ya chenje, mpaka wamulalatira kuti, "Iwe kadeti, tsika!" Galimoto yonse kufa nazo kuseka, bamboyo kupsa mtima ngati amutukwanira mayi ake. Ine ndangoti kakasi, chifukwa si kale pomwe anyamata a chipani cha DPP ankadziguguda pachifuwa ndi dzina lomweli, atadzipaka penti wabuluu thupi lonse.

Abale, mayina a ndale kuno sachedwa kusasa. Agogo ankatiuza kuti nthawi ya chitaganya munthu akakutchula kapirikoni, potengera gulu lija la Capricorn Africa Society, ndiye kuti wakuyesa wogulitsa mtundu kwa azungu. Kukhala wa Kongeresi ndiye unali ulemu. Atsamunda atatseka Nyasaland African Congress mu 1959, MCP inabadwa chaka chomwecho, woitsogolera poyamba ali Orton Chirwa. Koma pofika pa riferendamu ya 1993, ya nyali ndi tambala ija, kuno ku Blantyre ukangoti ndine wa Kongeresi anthu ankakuyang'ana cham'mbali, akukumbukira apayoniya, achinyamata oopsa a MCP aja, ndi makhadi a chipani pageti la msika. Apo n'kuti Orton yemweyo atafera kundende ya Zomba mu 1992.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti zipani zobwera pambuyo zinathamangira kudzipachika mawu a demokalase, AFORD, UDF, kenako DPP mu 2005, koma anyamata oopseza anzawo sanasowe ayi. Ma Young Democrats a nthawi ya UDF aja mwawaiwala kale? Ankachita kudziwika kuti akafika pamsonkhano wa otsutsa, aliyense aziona msana wa njira.