Ku Siavonga, komwe kapenta ndi wobwera

Msewu wochokera ku Lusaka ukangopitirira Kafue umayamba kutsetsereka m'mapiri, ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumakuchingamirani nyanja ya Kariba musanaione n'komwe. Ine chondipititsa ku Siavonga chinali kapenta basi. Anzanga ankandiseka kuti ulendo wonsewo n'kuthera kansomba kosaposa chala, koma iwo amakonda njovu ndi mathithi. Aliyense ndi zake.

Masana palibe zambiri zoona. Mabwato a kapenta amakhala atakocheza m'magombe, zizitsulo zadzimbiri zoyandama, chilichonse chili ndi mkono wautali wolendeweretsa ukonde wozungulira. Kapentayo nthawi imeneyo ali pansi pakuya. Dzuwa likalowa amakwera kutsatira tizilombo tosaoneka bwino ndi maso timene amadya, ndiye asodzi nawo amanyamuka.

Ndinakwera nawo limodzi la mabwatowo. Titafika pakati, anatsitsa ukonde, kuyatsa magetsi pamwamba ndi babu lina pansi pamadzi, kenako kudikira. Kudikira kwake n'kotopetsa, jenereta ikungolira m'makutu. Atakhutira, anazimitsa magetsi apamwamba kuti nsomba ziunjikane pa babu lapansi lija, n'kuyamba kupukusa chingwe pang'onopang'ono mpaka ukonde unatulukira ukuthwanima. Ndinatola kamodzi n'kukaika pachikhatho. Kathupi kowonda, kopyapyala m'mbali, mzere wasiliva kuchokera kumutu mpaka kumchira, maso aakulu osayenerana ndi msinkhu wake. Ukayendetsa chala kumimba kwake umamva timinga tandanda ngati mano a sowo. Sikanachedwe kufa, mamba ake anangondimatirira m'manja.

Chimene chimandisangalatsa pa kansombaka n'chakuti ku Kariba si kwawo. Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, nyanja yatsopanoyi inadzaza, koma nsomba za mumtsinje wa Zambezi zinazolowera m'mphepete ndi m'madzi osaya. Pakati ponse panali pongokhala. Mu 1967 ndi 1968 ana a kapenta anatengedwa pandege kuchokera kunyanja ya Tanganyika n'kudzatayidwa ku Sinazongwe, kumbali ya Zambia. Anaswana mpaka kudzaza nyanja yonse, ena n'kudutsa padamu, kutsika ndi Zambezi mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa, ku Mozambique, popanda wowanyamula. Kunyanja ya Kivu nako, pakati pa Rwanda ndi Congo, mtundu womwewu, umene dzina lake la sayansi ndi Limnothrissa miodon, unachita kupititsidwa ndi anthu. Koma kuchilendo sakula ngati kwawo: ku Tanganyika amatha kufika masentimita 17, pamene ku Kariba ambiri safika ndi 10 omwe.

Mmodzi mwa asodziwo anandifunsa ngati kapenta ndi usipa zili nsomba imodzi. Kuziona mothamanga ungavomere, popeza zonse n'zowonda, zimayenda m'chigulu pakati panyanja, ndipo zimakopeka ndi kuwala usiku. Koma si pachibale. Kapenta ndi wa banja la masadini a m'nyanja zamchere, pamene usipa ndi mbale wake wa matemba ndi mpasa, ndipo umapezeka m'nyanja ya Malawi ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Kunyanja ya Victoria kuli kansomba kena ka banja la usipa lomwelo, kamene ku Tanzania amati dagaa, ku Kenya omena, ku Uganda mukene. Nyanja zikuluzikulu zitatuzi, Tanganyika, Malawi ndi Victoria, iliyonse ili ndi kansomba kake kolamulira madzi apakati.

Tinabwerera kugombe m'bandakucha, ine maso ali psuu. Chondidetsa nkhawa chinali kuchuluka kwa magetsi amene ndinawaona usikuwo, kulikonse kumene ndingatembenukire. Asodziwo ankadandaula okha kuti mabwato achuluka ndipo ukonde sudzaza ngati kale.

Amene mukufuna kukaona zimenezi, yambani mwayang'ana kumwamba. Mwezi ukakhala wathunthu magetsi sakoka nsomba, mabwato amapuma, ndipo mudzangopeza zitsulo zili phee pagombe.