Laputopu yanga yakale tsopano ikudziwa maboma onse

Anzanga okonda za makompyuta, ntchito imene yakhala ikundigoneka mochedwa sabata yonseyi yatheka! Tsopano ndikalowetsa manambala a GPS, kompyuta imandiuza yokha kuti malowo ali m'boma liti komanso kwa T/A uti. Zonsezi zikuchitikira pa laputopu yanga yakale ija yothyoka chivundikiro, imene ndaisandutsa seva (kompyuta yoyankha mafunso ochokera ku makompyuta ena) pakona ya chipinda.

Ndinali ndi mndandanda wautali wa mijigo, uliwonse uli ndi manambala awiri a GPS, latitude ndi longitude, basi, wopanda dzina la dera. Poyamba ndinkafunsa Nominatim, chida cha pa intaneti cha mapu a OpenStreetMap chimene chimakuuza dzina la dera ukachipatsa manambalawo, koma lamulo lake ndi funso limodzi pa sekondi, ndipo bandulo imangotha ngati madzi a m'dengu. Ndiye ndinaika PostgreSQL (pulogalamu yosungira deta) ndi PostGIS (yowonjezera yake yogwira ntchito za mapu), zonse zaulere, n'kulowetsamo malire a maboma athu onse 28 ndi a ma T/A. Chida cha mu PostGIS chotchedwa ST_Contains chimangoona kuti kadontho ka mjigo pamapu kagwera mkati mwa malire ati.

Koma tsiku loyamba ndinachita manyazi ndekha. Mijigo yonse ya ku Lilongwe inasowa boma. Kodi vuto? PostGIS imafuna longitude poyamba, ine ndinayambira latitude. Manambala -13.96 ndi 33.78 atasinthana malo, mjigo wa ku Lilongwe unakatulukira m'nyanja ya Atlantic, chakumadzulo kwa Morocco. Ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzasuzumira.

Nditakonza, ndinayesa Likoma ndi Chizumulu, zilumba zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Yankho linabwera lolondola: boma la Likoma.

Chatsala ndi kugula batire, chifukwa magetsi akangozima seva nayo imagona.