Zaka zisanu, tsamba lililonse "apitirize"

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo kuchipatala kwathu: mzere wa a BP ndi a shuga, mabala otsuka, mafomu osatha. Koma za Lachitatu usiku zikundisowetsabe tulo.

Cha m'ma 2 koloko anabwera nawo bambo wina ali chikomokere, milomo itada, akupuma ka 6 kokha pa mphindi, timwana ta maso titachepa ngati nsonga ya singano. Mukabati munatsala mabotolo awiri okha a naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya morphine (mankhwala amphamvu oletsa ululu amene bambowa amamwa), ndipo tinawapatsa. Atatsitsimuka anayamba kubuula, thukuta lili kamukamu, thupi lonse likunjenjemera. Poti naloxone amatha mphamvu msanga kuposa morphine, ndinakhala pambali pa bedi lawo mpaka kunja kutayera.

Akazi awo ananditambasulira kathumba ka mapiritsi uku akulira. "Adokotala, sanapyole mlingo ayi, amamwa momwe munawalembera." Amanena zoona mayiwa. Bambowa alibe khansa, vuto lawo ndi msana, ndipo akhala pa morphine zaka zisanu. M'fayilo mlingo ukungokwera chaka ndi chaka, tsamba lililonse "apitirize". Mwezi watha wina anawonjezerapo diazepam, mankhwala ogonetsa, ati asamasowe tulo, chikhalirecho tonse tikudziwa kuti awiriwa akakumana amafooketsa kupuma. Ena mwa masamba amenewo ndinasainira ndine, ndipo zikundiwawa mumtima.

Palibe anawafunsa ngati mankhwalawo akuthandizabe. Thupi limawazolowera, mlingo umakwera, ululu uli pompo, mwinanso mankhwala omwewo ndi amene amaukulitsa, kudzimbidwa ndi kuwodzera zili pamwamba. Kafukufuku wa SPACE wa ku America, amene anatuluka mu 2018, anatsatira anthu 240 a ululu wa msana, chiuno kapena bondo kwa miyezi 12. Amene ankamwa ma opioid (mankhwala a gulu la morphine) sankayenda kapena kugwira ntchito bwino kuposa anzawo a mankhwala wamba, koma mavuto obwera ndi mankhwala anachuluka kwa iwowo. Nanga zaka zisanu zonsezi tinkathandiza chiyani?

Chimene chinandikwiyitsa zedi ndi kalata ya mabwana ya Lachinayi, yoti onse opanda khansa asiyitsidwe ma opioid pompopompo. Uku n'kudziteteza, si kuteteza odwala. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza kale mu 2019 kuti kudula mwadzidzidzi kumabweretsa ululu woopsa, ena mpaka kudzipha. Munthu amene wamwa kupitirira chaka amafunika kumutsitsira pang'onopang'ono, mwina 10 peresenti pamwezi, uku ukumuona pafupipafupi. Ndimuona bwanji pa mphindi zisanu zimene amatipatsa? Wa fiziyo, wothandiza odwala ndi mafizo olimbitsa thupi, ndi mmodzi, mzere wake ngwa miyezi. Ndinawayankha choncho pamsonkhano, mawu akunjenjemera.

Lachisanu bambo aja anandigwira dzanja. "Ndiye mundilanda mankhwala anga?" Ndinati ayi bambo, titsitsa limodzi, pang'onopang'ono, ndipo diazepam ndiye tiyambira kumuonanso. Buku la masiku linali lodzaza, choncho ndawalemba pa nthawi yanga yopuma masana, pakatha masabata awiri.