Loweruka ku Indiana Dunes: tenti yathu ndi kalavani ya agogo

Ndikulemba izi nditakhala pabenchi panja, tochi ili pamphumi, ana agona kale. Zovala zathu zonse zikununkha utsi wa nkhuni. Tsiku la lero linayamba pakati pausiku, ndiye ndati ndilembe lisanazilale m'mutu.

Tinafika dzulo madzulo kuno ku Indiana Dunes State Park, pafupi ndi tauni ya Chesterton, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Kuchokera kwathu ku South Bend ndi ulendo wa ola limodzi basi. Tinakhoma tenti pansi pa mitengo ya oak dzuwa lisanalowe, tinadya, ana anathamangitsa ziphaniphani mpaka kutopa, tinagona. Kumwamba kunali kwa mbee.

Cha m'ma 2 koloko usiku foni inalira, linali chenjezo la mvula yamkuntho. Sipanapite nthawi, mphepo yochokera kunyanja inayamba kuweramitsa tenti mpaka nsalu kumandikhudza kumaso. Kenako mphenzi. Mayi a ana anandigwedeza paphewa: "Abambo, dzukani, nyamulani wamng'onoyu tikalowe m'galimoto." Sindinatsutse. Tenti imatchinga mvula koma siteteza munthu ku mphenzi ngakhale pang'ono, makamaka ukakhala pansi pa mitengo. Galimoto ya denga lachitsulo, mawindo otseka, ndiyo pothawira. Tinakhala mmenemo tili phee, mvula ikuwomba padenga ngati wina akuthira chimanga m'beseni.

Tili m'galimotomo ndi pamene ndinaiona bwino kalavani ya pamalo oyandikana nafe. Yaing'ono, yozungulira kutsogolo ndi kumbuyo, yoyera kumtunda, kumunsi mtundu wa mandimu, kumbuyo kwake timapiko tiwiri tasiliva. M'kati munayaka kanyale kachikasu, katani inatseguka pang'ono, nkhope ya mayi wachikulire inasuzumira kwathu, kenako katani n'kutsekeka. Mwana wanga wamkazi ananong'ona, "Adadi, aja sakunyowa ayi?" Ndinati ayi mama, sakunyowa.

Mvula itakata tinabwerera ku tenti n'kupeza madzi alowa pansi. Vuto ndinalipeza kutacha. Lona amene ndinayala pansi pa tenti anali wotulukira kunja mbali imodzi, ndiye madzi onse otsika pansalu amagwera pa lonayo n'kuyenderera kulowa kunsi kwathu. Lona wapansi amafunika kum'pinda kuti abisale yense kunsi kwa tenti. Ndimadziwa zimenezi, koma dzulo ndinafulumira chifukwa cha udzudzu. Matiresi opopa anatipulumutsa, ngakhale zofunda ziwiri ndi chikwama cha zovala za ana zinanyoweratu.

M'mawa ndikumanga chingwe pakati pa mitengo kuti tiyanike zinthu, mayi wachikulire uja anabwera ndi makapu awiri a khofi wotentha. Amuna awo anali pambuyo, ndodo m'manja. Anati usiku anafuna kutiitana koma ataona kuti talowa m'galimoto mtima unakhala pansi. Ndinawafunsa za kalavani yawo, ndipo agogo aamunawo nkhope inawala ngati ndawafunsa za mdzukulu. Ndi Shasta ya 1962. Kampaniyi inayamba mu 1941 ku California, n'kudzatsegulanso fakitale ku Goshen, konkuno ku Indiana, ndipo timapiko tija ndicho chizindikiro chake. Anthu okonda makalavani akale amatisaka kwambiri chifukwa tambiri tinathothoka kapena kubedwa kalekale.

Apa ndinene za ntchito yanga, chifukwa ndi imene inapangitsa kuti m'mawa wonse uthere pamenepo. Ndimagwira ntchito m'fakitale ina yopanga makalavani ku Elkhart. Makalavani ambiri a muno mu America amapangidwa m'dera limeneli, ndipo m'tauniyi muli mpaka nyumba yosungiramo makalavani akale, RV/MH Hall of Fame. Timalowa ntchito kusanache, ena mwa anzanga ndi a Amish, gulu la akhristu losayendetsa magalimoto, amene amabwera panjinga kapena kudzatengedwa pa minibasi. Ine gawo langa ndi lomata m'mphepete mwa denga ndi mawindo kuti madzi asalowe. Tsiku lonse manja anga amakhala pa makalavani atsopano, aatali ngati basi, okhala ndi bafa, firiji, TV, zipinda zotuluka m'mbali ukadina batani. Koma sindinagonemo n'kamodzi komwe. Ife tikapita kutchire timapita ndi tenti.

Nditawauza zimenezi agogo anandigwira dzanja, "Tiye ukaone." Ndinavula nsapato pakhomo mwachizolowezi. M'katimo ndi mochepa, mamita osakwana 5 kutalika kwake konse, koma chilichonse chili pamalo pake. Makoma ndi denga ndi plywood ya mtengo wa birch yopakidwa vanishi, ndipo ndi zaka yasanduka mtundu wa uchi. Kuwala kwa m'mawa kumalowera pa mawindo a timagalasi topingasa, ma louvre omwe aja a m'nyumba za boma kwathu, otsegula ndi kachogwirira kozungulitsa. Kutsogolo kuli tebulo ndi mipando iwiri, ukatsitsa tebulolo n'kuyala makushoni limasanduka bedi. Kumbuyo kuli sofa yomwe imafutukuka kukhalanso bedi. Pakati pali sitovu ya gasi, kasinki, ndi kabati kosungiramo zakudya komwe sikafuna magetsi: umaikamo chibuma cha ayisi, madzi osungunuka amatuluka pansi ndi kapaipi. Chimbudzi mulibe, amapita komwe timapita ife a matenti. Fungo lake la matabwa akale ndi khofi linandikumbutsa kabati ya agogo anga aakazi, imene ankasungamo makapu a alendo.

Ndinayendetsa dzanja pa zitseko za makabati. M'makona mwake ndi mozungulira, mosalala, zolumikizira zake zachitsulo zikugwirabe. Ku ntchito kwathu timathamanga ndi wotchi, sitikhala ndi mpata woyang'ana chinthu kawiri. Apa ndinaona ntchito ya munthu amene anali ndi mpata umenewo, kaya ndi amene anaipanga kaya ndi agogo amene anaikonzanso.

Anandiuza kuti anaigula itagona kuseri kwa khola kwa zaka zambiri, mbewa zitamangamo. Anavula malata onse a aluminiyamu akunja, n'kupeza mafelemu a matabwa ataola m'makona onse. Ndi mmene makalavani otere amafera. Kunja amaoneka bwinobwino chifukwa aluminiyamu sachita dzimbiri, koma phula lomatira lomwe lili kunsi kwa kachitsulo ka m'mphepete mwa denga likauma n'kung'aluka, madzi amalowa pang'onopang'ono n'kumadya thabwa m'kati mosaoneka. Anasintha matabwa, mawaya a magetsi, mapaipi a gasi, matayala, anathira girisi watsopano m'ma bearing, anaikamo kachipangizo kolira pakakhala mpweya woipa wa carbon monoxide. Ntchitoyo inawatengera zilimwe zitatu.

Atamva kuti ndine wa ku Africa anandifunsa ngati ndinamvapo za Wally Byam, amene anayambitsa makalavani a Airstream, aja onyezimira ngati ndege, opangidwa ku Jackson Center ku Ohio. Mu 1959 bambo ameneyu anatsogolera makalavani 41 kuchoka ku Cape Town kulowera ku Cairo. Ndinayesa kuganiza misewu ya nthawi imeneyo, matope a dzinja, milatho yamitengo, anthu m'midzi ataima m'mbali mwa msewu kuonerera nyumba zasiliva zikudutsa. Nkhaniyi yandikhala m'mutu tsiku lonse.

Kenako anandipempha, poti ndi ntchito yanga, ndiwaonere zenera lakutsogolo. Amayi anaona kadontho kakuda pa plywood pansi pake mvula ya usiku itatha. Ndinagwada pampando, n'kukanikiza chala chachikulu pakona. Thabwa linalowa. Osati kwambiri, koma linalowa ngati mbatata yophika. Ndinasuntha chala pang'ono, pamenepo polimba. Ndinatuluka panja, n'kupeza kuti sikuluwu imodzi ya felemu la zenera ikungozungulira osagwira, ndipo phula la pamwamba pake lauma, likuyoyoka ndikalikanda ndi chikhadabo. Ndinawauza zoona: zenera liyenera kuchoka, pauma kaye, thabwa lapansi lisinthidwe, n'kumatanso ndi phula latsopano la butyl. Silicone asayerekeze, chifukwa sagwira nthawi yaitali pa aluminiyamu ndipo akakakamira amavuta kuchotsa. Agogo anakhala chete, dzanja lili pa malata. Kenako anati mawondo awo salolanso kukwera makwerero. Mumtima munandiwawa. Ndinawapatsa nambala yanga n'kuwauza kuti Loweruka lina ndikawapeza, poti amakhala cha ku Mishawaka, pafupi ndi ife. Pakadali pano tinamatapo tepi kuti mvula ina isawonjezere.

Masana tinapita kunyanja. Kuchoka pa msasa umadutsa m'nkhalango pang'ono, kukwera mchenga, kenako madzi ali tantha osaona tsidya. Nyanjayi kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja yathu ya Malawi, koma madzi ake ndi ozizira ngakhale mu Julaye, ndipo lero mafunde anali aukali chifukwa cha mkuntho wa usiku, choncho ana anangoviika mapazi. Mchenga wouma wa kuno umalira ukamakoka phazi, kaphokoso ngati kamwana ka mbewa, ndipo mnyamata wanga anathera theka la ola akukoka mapazi kuti ulire. Tinakwera Mount Tom, phiri la mchenga lalitali kuposa onse m'pakiyi, mamita 58 pamwamba pa nyanjayi. Kumadzulo timaona utsi wa mafakitale a zitsulo, ndipo kutali kwambiri, ngati zithunzi pamadzi, nyumba zosanja za Chicago.

Madzulo mphepo inayambanso, kasitovu kathu kapanja moto wake kumangothawira mbali imodzi. Madzi a nsima sanawire. Amayi achikulire aja ataona tikuvutika anaitana mayi a ana kuti akaphikire mwawo. Ndinaima pakhomo kuonerera: mkazi wanga ali pa sitovu ya 1962, phala likuthakatha, akuthira ufa n'kumavundula ndi mthiko umene tinabwera nawo kuchokera ku Dedza, kalavani yonse ikugwedezeka pang'ono ndi mphamvu ya mkono wake. Anaomola ndi chipande mitanda isanu ndi umodzi. Tinadyera panja tonse, nsima ya nkhuku ndi kabichi. Agogo aamuna anayamba ndi foloko, kenako anaisiya n'kusamba m'manja.

Titabwerera ku tenti yathu mayi a ana anandiuza zakukhosi. "Abambo, msana wangawu sukufunanso kugona pansi. Mwaona mmene amayi aja adzukira m'mawa, ouma, tsitsi lili bwinobwino, madzi atenthetsa asanatuluke panja?" Akunena zoona, sindingakane. Pa mvula, pa mphepo, pa ukalamba, kalavani yapambana. Ukafika pamalo umangoimika, kuika zotchingira matayala, kulumikiza magetsi, wamaliza. Ife timatha ola tikukhoma zikhomo, ndipo mawa tenti tikaipinda yonyowa n'kukaiyanikanso kunyumba kuti isachite nguwi.

Koma lero chala changa chalowa m'thabwa lija, ndiye ndikudziwa mtengo wake. Mpumulo umene agogo amaupeza kuno anaulipira ndi zilimwe zitatu m'garaja, ndipo akulipirabe. Pamafunika galimoto yokoka, malo oisungira nyengo ya chisanu, mapepala ake, maso oyang'ana m'makona chaka ndi chaka. Ife tili pa lendi, galimoto yathu ndi yaing'ono, ndipo kumudzi akudikira fizi ya ana a achemwali. Tenti yathu imagona pashelefu m'kabati chaka chonse osapempha kanthu.

Palinso china chimene ndinalephera kuwafotokozera bwino mayi a ana. Ndili mnyamata, chimanga chikakhwima, ine ndi achimwene tinkagona m'khumbi kumunda kulondera nguluwe ndi akuba. Udzu wokha ndiwo unkatilekanitsa ndi usiku. Unkamva chilichonse, kadzidzi, mphepo m'mapesi, phazi la chinthu chimene sukuchiona. Ndimabwera kutchire kudzafuna zimenezo, ndipo ndimafuna ana anga, amene anabadwira m'nyumba zotsekeka miyezi isanu pachaka, azimveko. M'kalavani muja nditatseka chitseko kunja kunazimiririka, ndinali m'nyumba. Nyumba yokongola, koma nyumba. Mu tenti usiku wathawu mwana wanga anamva mkuntho ukubwera m'mitengo usanatifike, ndipo lero waufotokoza katatu, maso ali tong'o.

Ndawauza mayi a ana kuti tiyambe ndi kugula kabedi kopinda kokwera m'mwamba, kuti asamagonenso pansi. Za kalavani tikambirananso ndikakathandiza agogo zenera lija, ndikaone m'kati mwa khoma ndi maso anga. Avomera, koma ati tsikulo apita nawo.

Lona ndamupinda bwino tsopano, sakutulukiranso. Chakudya chonse ndatsekera m'galimoto chifukwa kanyama kotchedwa raccoon kayamba kale kuzungulira benchi, maso ake akuwala ndi tochi. Kwa agogo kanyale kazima. Kuseri kwa mitengo sitima ya South Shore Line yangodutsa kulowera ku Chicago, ndipo mafunde akumvekabe. Foni ikuti usiku uno kulibe mvula. Ndikalowe.