Mmene ndinametedwera mpala kwa apongozi

Popeza chithunzi chija mwachiona kale nonse, ena mpaka kuchiika pa status, bola ndifotokoze ndekha. Si chipere ayi, komanso sindinachokere kundende. Amene akufalitsa kuti ndinagwetsedwa ndi mphunzitsi wa Sitandade 3 wopyapyala ngati bango akunena zoona, koma akusiya zambiri.

Anayambitsa zonsezi ndi mzungu amene anamwalira ine ndisanabadwe, George Wagner, yemwe anthu ankamudziwa kuti Gorgeous George. Ndinamupeza pafoni usiku wina, bandulo yausiku ikundiwawa kuti itha osaigwiritsa ntchito. Ife tinakulira m'mavidiyo sho, kumakangana ngati magazi a pa wrestling ali enieni, koma uyu ndinali ndisanamuonepo. Makanema ake ndi akalekale, opanda mitundu. Bambo wojintcha, wosatalika kwenikweni, tsitsi lopotanapotana loyera ngati thonje, atavala mkanjo wonyezimira. Iye asanalowe mu ring'i, wantchito wake ankatsogola ali mu suti, n'kupopera perefyumu paliponse pamene bwana aponde. Refa akati amuseche, George ankakuwa kuti asamukhudze ndi manja auve. Ankagawanso timapini ta m'tsitsi tooneka ngati golide. Anthu ankamukuwiza mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, sabata yotsatira n'kudzagulanso tikiti.

Ndinawerenga za iye mpaka tambala woyamba. Anabadwa mu 1915 ku Nebraska, m'dziko la America, anakulira ku Houston mu umphawi, anasiya sukulu n'kumagwetsana ndi anthu m'zionetsero zoyendayenda. Kugwetsa ankatha ndithu, koma dzina linadzamveka atazindikira kuti munthu amalipira mosanyinyirika kuti akaone wodzimva akuchita manyazi. TV itayamba kulowa m'nyumba za ku America cha m'ma 1947, nkhope yake inali pomwepo. Muhammad Ali anakumana naye ku Las Vegas mu 1961 ali mnyamata wa zaka 19, ndipo mwini wake ankanena kuti matama aja anatengera kwa George. Ndiye mukamandiseka muzidziwa kuti ine ndi Ali tinaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi.

Khirisimasi tinakadyera kwawo kwa mayi akunyumba, ku Ntcheu. Mawa lake, pa 26, titakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinangotchula kuti George anamwalira tsiku ngati lomwelo mu 1963, ali ndi zaka 48, mtima utamuvuta, chuma chitatha ngakhale kale anali ndi famu ya nkhukundembo ku California. Palibe amene anandifunsa. Alamu anga, aphunzitsi aja, anangoti, “Alamu, za wrestling zanuzo ndi zibwana. Anthu onenepa kumagubuduzana atavala kabudula wamkati.”

Ndinati ndi luso.

“Ngati ndi luso tionetseni.”

Ana anaomba m'manja. Ine ndinali nditamwa thobwa basi, ndikulumbira, kungoti thobwalo linali litagona masiku atatu.

Mayi anali atapita kukaona azakhali awo kutsidya, ndiye chikwama chawo chinali chopanda mlonda. Ndinatenga gawuni yawo ya pinki yovala pochokera kubafa. Ndinatenganso wigi. Ndi wigi yofiirira ngati uchi imene anagulira ukwati wa mng'ono wawo, ndipo kumudziko inkagona m'katoni yakeyake pamwamba pa tebulo pamene ine ndinkagona pamphasa. Vuto linali loti inkaterereka. Tsitsi la George linali lakelake, ankangoliyeretsa ndi mankhwala, pamene langali ndikangopukusa mutu linkatsikira m'maso. Pawindo panali kachubu ka guluu kamene apongozi aamuna amamatira nsapato. Ndinangodontheza madontho anayi. Mwina asanu ndi atatu. Chabwino, kachubu kanatha.

Wantchito wanga anali mwana wa alamu omwewo, wa zaka 9. Ndinamubereketsa sipuleya ya tomato, titaitsuka, muli madzi ndi theka la botolo la perefyumu wa mayi. Mkeka unakhala kapeti, mapegi oyanikira zovala anakhala timapini tagolide, nyimbo inkachokera pafoni yoikidwa m'kapu kuti izimveka kwambiri. Ndinatuluka pang'onopang'ono, chibwano kumwamba. Ana anandikuwiza bwino kwambiri, ngati anachita kuphunzitsidwa. Msuweni wa mayi, amene anali refa, atayandikira ndinamukalipira kuti asandigwire ndi manja onunkha usipa. Kwa mphindi zitatu zimenezo ndinali munthu wamkulu m'boma lonse la Ntcheu, ndipo palibe angandilande zimenezo.

Kenako chitseko cha khitchini chinatseguka, apongozi aakazi n'kutuluka.

Ine ndine mkamwini waulemu. Zaka khumi ndi chimodzi sindinawayang'anepo m'maso mayi amenewa, moni ndimapereka nditanjuta chapatali. Lero ndi uyu ndaima pakati pa bwalo lawo, mu gawuni ya mwana wawo, mimba ili panja, pegi ili m'manja. Sananene kanthu. Anakhala pakhonde, n'kukonza chitenje, n'kupinda manja ngati munthu amene walipira tikiti yakutsogolo.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinaiwala. Masewera amenewa amayenda chifukwa awiriwo amagwirizana kaye kuti agwe ndani, agwe liti, agwe bwanji. Ine alamu sindinawauze. Iwo anabwera ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda, n'kundikola mwendo, ndipo ndinagwa chagada mpaka mango awiri anathothoka mumtengo. Refa anawerenga mofulumira ngati ali ndi ngongole yanga.

Zikanathera pomwepo bwenzi chithunzi kulibe. Koma alamu anafuna kukometsa chipambano. Anagwira wigi kuti aizule aionetse kwa anthu.

Anakoka. Mutu unatsatira.

Anaima kaye. Anayang'ana wigi, anayang'ana ine, n'kukokanso. Nsidze zanga zinakwera mpaka pamene pamayambira tsitsi, maso anatseguka kukula kwake sindinakuonepo, ndinaona denga la nyumba, nkhokwe ndi phiri nthawi imodzi.

“Alamu, siyani.”

“Alamu, ikukana.”

“Ndikudziwa kuti ikukana, siyani!”

Iwo anaganiza kuti yangokodwa penapake. Anaponda phewa langa ndi phazi limodzi n'kugwira ndi manja awiri, mmene timazulira chinangwa m'chilimwe. Malume ena amene anali chigonere pampando wandalema anadzuka n'kuyamba kupereka malangizo: “Pukusani kaye, aphunzitsi. Pukusani uku ndi uku, chizuka chokha.” Wina anati athirepo madzi pafewe. Galu anayamba kuuwa wigiyo. Ana anayambitsa nyimbo yokokera, ena kumavina. Ndipo nthawi yonseyi wantchito wanga, mwana womvera, anali akupopabe sipuleya, chifukwa palibe amene anamuuza kuti asiye. Ankandipopera kumaso mwaulemu, mosadumphitsa, ngati tomato wogwidwa ndi kangaude. Ndinkati ndikatsegula pakamwa kuti ndikuwe, n'kumeza perefyumu.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Refa akuti mphindi imodzi. Ine ndikuti ndinakalamba.

Phokoso linazima lokha, ndipo ndinadziwa kuti mayi afika. Anaima ndi lichero la masamba pamutu. Sanafunse ngati ndavulala.

“Bambo, imeneyo ndi wigi yanga?”

“Mayi, ndifotokoza.”

“Nanga fungoli ndi perefyumu wanga?”

Apa apongozi aakazi anayankhula koyamba. Mwamwambo wake sanayankhule ndi ine, anaitana mwana wanga wamkulu. “Iwe, kawauze bambo akowo kuti lezala ili pawindo, pamene panali guluu.”

Tinayesa madzi ofunda. Tinayesa mafuta ophikira, mpaka mutu unkanyezimira ngati mandasi. Malume aja anati parafini, koma poona kuti mbaula ili pafupi ndinakana, ndipo nzeru imeneyi palibe akundiyamikira. Mapeto ake ndinakhala pa mtondo wovundikira, apongozi aamuna n'kuyamba kulowetsa lezala pakati pa wigi ndi mutu, pang'onopang'ono ngati akusenda mbuzi. Mayi anaima pambali akuyang'anira ntchito. “Dulani cha kumutuko, bambo. Wigiyo musaikhudze.” Bambo awo anamvera. N'chifukwa chake pachithunzipo mukuona zigamba, kwina kosalala, kwina kofiira, ndi kachitsotso kamodzi pamwamba pa khutu kamene anakasiya dzuwa litalowa.

Tsono tamverani, inu oseka. Gorgeous George naye anametedwa mpala pamaso pa anthu. Mu 1959 ku Toronto anabetcha tsitsi lake polimbana ndi Whipper Billy Watson, n'kuluza, n'kumetedwa mu ring'i momwemo. Mu 1962 ku Los Angeles anabetchanso ndi The Destroyer, wovala chigoba kumaso uja: wina aike chigoba, wina aike tsitsi. Chigoba chinatsala, tsitsi linapita. Anthu ankadzaza maholo kudikira tsiku limenelo. Ndiye kunena zoona ine sindinalephere kumutsanzira, ndinachita kumaliza silabasi yonse masana amodzi. Kusiyana kwake n'koti iye ankapita kwawo ndi ndalama, pamene ine ndinabwerera ku Lilongwe pa minibasi nditavala chipewa chaubweya cha apongozi, dzuwa lili pamutu, kondakitala akundifunsa ngati ndikudwala malungo.

Wigi inapulumuka, kungoti mkati mwake muli tsitsi langa, ndipo mayi akuti ikununkha mankhwala a tomato. Ndikubweza pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi perefyumu ndi guluu. Alamu akuti ana asukulu ayamba kuwatchula kuti champiyoni, ndipo anditumizira uthenga wofunsa ngati pa Isitala ndidzabwere.

Tsitsi layamba kumera, koma mbali yakumanzere yokha.